Kukweza malevulo kukavuta patebulo: mmene mungapezere gwero la vuto ndi kulikonza

Anthu otsogolera masewera a patebulo monga Dungeons & Dragons (D&D) ndi Pathfinder amadandaula za chinthu chimodzimodzi, ngakhale aliyense amachifotokoza mwanjira yake. Wina amati osewera ake akungofuna kupha chilichonse chomwe chikupuma. Wina amati patha miyezi itatu gulu lili pa levulo (msinkhu wa mphamvu) yomweyo ndipo anthu ayamba kujomba. Wina amati mnzawo anadwala masabata awiri, pobwera anapeza anzake amusiya kutali. Ndayankha madandaulo amenewa kambirimbiri, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano.

Chomwe ndaona n'chakuti njira yokwezera malevulo ndi uthenga wopita kwa osewera. Imawauza chomwe masewerawo amalipira, ndipo iwo amalondola komwe kuli mphotoko, kaya wotsogolera anafuna zimenezo kapena ayi. Choncho pa chizindikiro chilichonse m'munsimu, yambani ndi chifukwa choyamba. Ndicho chimapezeka kawirikawiri. Zotsatirazo zimanka zichepa.

## Musanakonze chilichonse

Njira zodziwika zilipo zinayi:

- Kuwerenga XP, mapointi omwe osewera amalandira pa zomwe achita m'masewera. Mapointi amaunjikana, akakwana nambala yoikika mtengambali (munthu wa m'nkhani amene wosewera amayendetsa) amakwera.
- Milestone. Gulu lonse limakwera likakwaniritsa chinthu chachikulu m'nkhani.
- Kuwerenga maseshoni. Gulu limakwera likakumana kangapo, zivute zitani.
- Kukula kwa luso limodzilimodzi, popanda malevulo, monga mu Call of Cthulhu ndi RuneQuest.

Tengani pepala muchite zinthu zitatu. Lembani kuti panadutsa maseshoni angati pakati pa levulo iliyonse. Lembani chomwe chinabweretsa XP yochuluka pa maseshoni atatu apitawa. Kenako funsani wosewera aliyense payekha kuti, "Mukuganiza kuti tichite chiyani kuti tikwere?" Mayankho akasiyana, mwalipeza kale theka la vuto.

## Chizindikiro 1: Osewera akungofuna nkhondo

Sakufuna kukambirana ndi mtsogoleri wa achifwamba. Chilombo chikathawa amachilondola mpaka achimalize. Wosewera amene amakonda kulankhula ndi anthu a m'nkhani wangoti duu, kudikira kuti anzake amalize kuponya madayisi.

1. XP ikuchokera ku nkhondo yokha. Onani pepala lanu lija. Ngati pafupifupi mapointi onse anabwera chifukwa chopha, osewera sakulakwa, akungomvera zomwe mwawauza. Mu D&D ya 2014 mtengambali amafunika XP 300 kuti afike levulo 2. Gulu la anthu anayi likufunika 1,200, ndipo goblin (kachilombo kofooka) mmodzi ndi XP 50. Wosewera wodziwa masamu akaona goblin akuthawa, amaona XP 50 ikulowa m'tchire.

Kukonza kwake:

- Lipirani *kugonjetsa vuto*, osati kupha. Kunyengerera mlonda, kumuzemba, kumuopseza kapena kumumenya, zonse zibweretse XP yofanana.
- Mdani mmodzi azilipira kamodzi. Akamuzemba lero n'kudzamupha mawa, palibenso china.
- Ikani mtengo pa zinthu zosakhala nkhondo. Pathfinder ya 2019 inachita kale zimenezi: chinthu chaching'ono chikatheka ndi XP 10, chapakati 30, chachikulu 80, pomwe nkhondo yapakati ndi 80. Mukhoza kubwereka muyezo umenewu.
- Nenani zonsezi seshoni isanayambe, osati itatha.

Pano ndipatuke pang'ono, chifukwa mbiri ya masewerawa imaphunzitsa bwino kuposa malangizo anga. D&D yoyamba ya Gary Gygax ndi Dave Arneson, ya 1974, inkapereka XP chifukwa cha chuma chomwe gulu latulutsa m'phanga. Mu malamulo a D&D Basic a 1981, ndalama imodzi ya golide inali XP imodzi, goblin anali XP 5 yokha, ndipo wankhondo ankafunika 2,000 kuti afike levulo 2. Kuti akwere popha basi, akanafunika magoblin 400, pomwe bokosi limodzi la golide 1,000 linkamufikitsa pakati pa ulendo. Zotsatira zake, osewera ankanyang'ama, ankapereka ziphuphu kwa zilombo, ankathawa nkhondo yopanda phindu. Anthu ake sanali ofatsa kuposa a lero. Mphoto inali pena. Ngati mukufuna kampeni (nkhani yaitali ya maseshoni ambiri) yofufuza malo, lipirani chipinda chilichonse chomwe chajambulidwa pa mapu. Ngati mukufuna ya ndale za m'nyumba ya mfumu, lipirani chinsinsi chilichonse chomwe chaululika ndi mgwirizano uliwonse womwe wamangidwa.

2. Mumalipira zina, koma simunena. Wotsogolera akangoti "aliyense 450" pomaliza seshoni, osewera amaganiza kuti yonseyo ndi ya nkhondo. Iphwanyeni poyera: "200 ya nkhondo ya pamlatho, 150 chifukwa chogwirizanitsa mabanja awiri aja, 100 chifukwa chopeza khomo lobisika." Pakatha maseshoni awiri mudzaona kusintha.

3. Mphamvu zatsopano zonse ndi za nkhondo. Munthu akalandira chida chatsopano amafuna kuchiyesa. Apa palibe chowonongeka. Konzani nkhondo imodzi yabwino seshoni yoyamba atangokwera, mtima ukhala pansi.

4. Anaphunzira kuti chifundo chimapweteketsa. Ngati mdani aliyense amene anamukhululukira anabweranso kudzawabaya, asiya kukhululuka. Lolani kuti wina wokhululukidwa adzabweze zabwino.

Dziwani kuti kusamukira ku milestone kumachiza chifukwa choyamba ndi chachiwiri chokha. Chachitatu ndi chachinayi chimakutsatirani.

## Chizindikiro 2: Gulu likukwera mofulumira kwambiri

Osewera sanayesebe mphamvu za levulo yapitayi, ina yafika kale. Mdani amene munamukonzera kumapeto kwa kampeni wasanduka wofooka asanakumane naye.

1. Mukupereka XP yochulukitsidwa. Ili ndi vuto la anthu ogwiritsa ntchito Dungeon Master's Guide ya 2014, buku la otsogolera D&D. Poyeza kuvuta kwa nkhondo, bukulo limati muchulukitse XP malinga ndi chiwerengero cha zilombo: ndi 1.5 zikakhala ziwiri, ndi 2 zikakhala zitatu mpaka 6, kumapitirira choncho. Nambala yochulukitsidwayo ndi yoyezera basi, si yopereka. Magoblin 6 ndi XP 300. Poyeza amaoneka ngati 600, koma gulu la anayi ligawana 300, aliyense 75. Amene wakhala akupereka 150 wakhala akuthamangitsa kampeni yake kawiri. Buku la 2024 linachotsa kuchulukitsa kumeneku.

2. Simukugawa. Mu D&D, XP ya nkhondo imagawidwa kwa onse amene anatengapo mbali. Mu Pathfinder ya 2019 aliyense amalandira nambala yonse. Wotsogolera amene amasewera zonse ziwiri amasakaniza mosavuta.

3. Malevulo oyambirira anapangidwa kuti azithamanga. Levulo 2 ili pa 300, levulo 3 pa 900, levulo 4 pa 2,700, levulo 5 pa 6,500. Ngati liwiro likukudetsani nkhawa gulu lisanafike levulo 4, dekhani, lichepa lokha.

4. Milestone yasanduka mphatso. Seshoni ikakoma, mtima umafuna kuthokoza osewera ndi levulo. Mukatero katatu kotsatizana, nkhani imatsalira m'mbuyo. Lembani pasadakhale kuti ndi zochitika ziti zomwe zikweze gulu, ndipo musapatuke.

5. Gulu ndi laling'ono kapena ndi la akatswiri. Anthu awiri ogawana XP ya anthu anayi akwera msanga, chimodzimodzinso gulu lomwe limagonjetsa zilombo zoposa msinkhu wake.

Chilichonse chomwe mwapeza, musalande levulo yomwe munapereka kale. Vomerani cholakwikacho patebulo, kenako chepetsani liwiro kutsogoloku. Malamulo akale anali ndi chotchinga chothandiza: palibe kukwera malevulo awiri nthawi imodzi, XP yotsalayo imaima pafupi ndi levulo yotsatira. Mu Pathfinder ya 2019, momwe levulo iliyonse ndi XP 1,000, mukhoza kukweza nambalayo kufika 1,200.

## Chizindikiro 3: Miyezi ikupita, palibe kukwera

Funso lakuti "tikwera liti?" layamba kumveka pa seshoni iliyonse. Choopsa kwambiri ndi pamene lasiya kumveka, chifukwa ndiye kuti anthu ataya mtima.

1. Milestone yamangiriridwa pa chinthu chomwe osewera sakuchidziwa, kapena sakuchifuna. Apa ndi pomwe njira ya milestone imagwera nthawi zambiri, ndipo wotsogolera sazindikira chifukwa iye akuona mapu onse. M'mutu mwake levulo 6 ili kuseri kwa nsanja ya wamatsenga. Osewera atengeka ndi mzinda wa padoko, akhala maseshoni 7 akuthetsa mkangano wa amalonda, apulumutsa akapolo, amanga ubale ndi akuluakulu a mzindawo, koma sanalandire kanthu chifukwa sanapite ku nsanja. Phunziro lomwe akutolapo ndi lakuti zosankha zawo zilibe ntchito, chofunika n'kulota zomwe wotsogolera akufuna. Kampeni yomwe imati "pitani kulikonse" koma imalipira njira imodzi yokha ikudzitsutsa.

Kukonza kwake:

- Ikani poyera zolinga zitatu kapena zinayi, pa pepala lomwe aliyense angalione. Mwachitsanzo, kukwaniritsa ziwiri zilizonse ndi levulo imodzi.
- Lolani osewera kuwonjezera zolinga zawo pa mndandandawo, inu mungovomereza kuti ndi zolemera mokwanira.
- Dziikireni malire: maseshoni 5 kapena 6 akadutsa popanda kukwera, fufuzani chachikulu chomwe gulu lachita, chimenecho chikhale milestone.

2. Maseshoni ndi afupi kapena otalikirana. Buku la 2014 limapereka muyezo uwu kwa owerenga maseshoni: levulo 2 ikatha seshoni yoyamba, levulo 3 ikatha yachiwiri, levulo 4 pakatha ena awiri, kenako maseshoni awiri kapena atatu pa levulo iliyonse, poganiza kuti seshoni ndi ya maola pafupifupi anayi. Mukawerengetsa, kufika levulo 20 ndi maseshoni 36 mpaka 52. Gulu lokumana sabata iliyonse lifika chaka chisanathe kapena chikamatha. Koma gulu lokumana kamodzi pamwezi kwa maola awiri, maseshoni atatu a m'buku kwa iwo ndi miyezi 6. Osewera amamva kutalika kwa nthawi pa kalendala, osati pa tebulo la XP. Gulu lotere lifulumizireni mopanda manyazi.

3. Adani sanakule limodzi ndi gulu. Kuchoka levulo 4 kupita 5 pamafunika XP 3,800. Kuchoka 5 kupita 6 pamafunika 7,500. Kwa anthu anayi ndi 30,000, kapena kuti magoblin 600. Chigawo cha levulo 5 mpaka 10 chinapangidwa kuti gulu likhalitsepo, moti kuchoka 10 kupita 11 ndi 21,000 pomwe kuchoka 11 kupita 12 ndi 15,000 yokha. Kuchedwa pang'ono pamenepa ndi kwa dala, koma ngati gulu likulimbanabe ndi adani a levulo 2, laima ndithu.

4. Wotsogolera akuopa malevulo apamwamba. Izi zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amavomerezera, ndipo mantha ake ndi omveka, chifukwa malevulo apamwamba ndi ntchito yolemetsa. Cholakwika ndi kuchedwetsa mwakachetechete. Nenani poyera kuti kampeni ino ithera pa levulo 8 kapena 10. Osewera a D&D 3.5 ali ndi njira yotchedwa E6: atengambali amaima pa levulo 6, kenako amalandira feat (luso lapadera) imodzi pa XP 5,000 iliyonse. Amakulabe, koma dziko silisweka.

5. Mukugawa XP ya Pathfinder. Ndi cholakwika cha m'chizindikiro 2 chija chitatembenuka. Nkhondo yapakati ndi XP 80 kwa aliyense, choncho nkhondo 13 zotere zikwanitsa levulo. Mukagawa kwa anayi, zifunika 50.

6. Ndalama zophunzirira. Osewera AD&D (Advanced D&D) yakale okha ndi amene izi zimawakhudza. Buku la 1979 linkafuna golide 1,500 pa levulo pa sabata iliyonse ya maphunziro. Wakuba amakwanitsa XP ya levulo 2 atangodutsa 1,250, ndiye amatha kukhala ndi mapointi okwanira koma thumba losakwanira. Chepetsani mtengowo kapena lolani mphunzitsi kulipidwa ndi ntchito.

Ngati nkhani ikufunadi kuti gulu likhalitse pa levulo imodzi, bwerekani nzeru ya masewera a 13th Age, yomwe imapereka kachidutswa ka levulo yotsatira isanakwane yonse: lero ma hit point (mapointi a moyo), ulendo wina luso limodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo wosewera amapita kwawo ali ndi kanthu kolemba pa pepala lake.

## Chizindikiro 4: Malevulo asiyana patebulo limodzi

Yambani mwayeza kukula kwa mpatawo. Mu D&D ya 2014, kusiyana kwa levulo imodzi nthawi zambiri sikupweteka, kupatula pamene mpatawo wadutsa pa levulo 5. Wankhondo wa levulo 5 amamenya kawiri pomwe wa levulo 4 amamenya kamodzi. Wamatsenga wa levulo 5 ali ndi Fireball (mpira wa moto) ya madayisi 8, mnzake alibe. Mu Pathfinder ya 2019 mpata uliwonse umamveka, chifukwa levulo imawonjezeredwa pa pafupifupi chilichonse chomwe mtengambali anaphunzira, kuyambira kumenya mpaka kudziteteza.

1. Wojomba salandira XP. Maganizo anga pa ichi ndi olimba: perekani XP yofanana kwa onse, wabwera ndi wosabwera yemwe. Anthu amajomba chifukwa cha ntchito, matenda ndi ana, ndipo kuphonya seshoni ndi chilango chokwanira kale. Mukamuchepetseranso mphamvu, tsiku lomwe wabwera amakhala wofooka pagulu, masewera samukomera, ndiye amajombanso. Lamulo lomwe cholinga chake chinali kulimbikitsa kubwera limathera pothamangitsa munthu.

2. Mtengambali akafa, watsopano amayambira pa levulo 1. Mwambo umenewu unachokera ku malamulo omwe unkagwira ntchito. Mu Basic ndi Expert za 1981, XP ya wankhondo imawirikiza: 2,000, 4,000, 8,000, 16,000, 32,000. Pamene mnzake wa levulo 5 akuchoka pa 16,000 kupita pa 32,000, watsopano uja wasonkhanitsa 16,000 yomweyo ndipo wafika levulo 5. Masamu okha amamukoka. Mukautengera mwambowu ku masewera omwe masamu ake ndi ena, watsopanoyo amafa pa nkhondo yoyamba n'kuyambiranso. Muyambitseni pa levulo ya gulu, kapena imodzi pansi pake. Pathfinder ya 2019 imalangiza kupatsa wotsalira XP yowirikiza kawiri mpaka awapeze anzake.

3. XP yapadera kwa "wosewera bwino". Mphoto imeneyi imapita kwa olankhula kwambiri, ndipo wamanyazi amene amaganiza mozama koma n'kulankhula kamodzi amatsalira. Thokozani ndi chinthu chomwe chimatha chikagwiritsidwa ntchito, monga Inspiration mu D&D kapena Hero Point mu Pathfinder.

4. Malamulo odya XP. Mu D&D ya 2000 ndi 3.5, kupanga zida zamatsenga kumadya XP, kuukitsidwa ndi Raise Dead kumachotsa levulo, ndipo zilombo zina zimayamwa malevulo. Amene amapangira anzake zida ndiye amatsalira. Ngati gulu lonse likupindula, gulu lonse ligawane mtengowo.

Pali pomwe kusiyana kwa malevulo sikuli vuto. M'malamulo a 1981 mitundu ya atengambali ili ndi matebulo a XP osiyana mwadala: kuti afike levulo 2, wakuba amafunika 1,200, wansembe 1,500, wamatsenga 2,500, elf 4,000. Chimodzimodzinso kampeni zotseguka za mtundu wa West Marches, momwe osewera amasinthasintha seshoni iliyonse ndipo amasankha okha malo oyenera mphamvu zawo. Kumeneko musafananize kanthu.

## Chizindikiro 5: Atangokwera, nkhondo kapena nkhani yasweka

1. Mukukonzekera gulu la mwezi watha. Gulu likakwera, pemphani mapepala onse muwerenge musanakonze seshoni yotsatira. Mu D&D ya 2014 mphamvu zimadumpha kwambiri pa levulo 5, 11 ndi 17.

2. Matsenga atsopano athetsa mavuto akale. Pa levulo 5, Fly (matsenga ouluka) imachotsa ntchito ya khoma ndi phompho, Speak with Dead imalola kufunsa wophedwa, Revivify imabweza amene wangomwalira kumene. Pa levulo 13 Teleport imafupikitsa ulendo wa miyezi. Walira mvula walira matope: mukapereka levulo, mwaperekanso zimenezi. Musaziletse wosewera atazisankha kale. Sinthani mtundu wa vuto. Wophedwa uja mwina sanaone nkhope ya womupha. Gulu likhoza kufika kulikonse m'kanthawi kochepa, koma mizinda iwiri ikuwotchedwa nthawi imodzi.

3. Nkhondo imodzi patsiku. Buku la 2014 limayerekeza tsiku la nkhondo 6 mpaka 8 zapakati kapena zovuta. Gulu likamapuma mokwanira ikatha nkhondo iliyonse, amatsenga amakhuthula zonse nthawi imodzi, ndipo vutoli limakula ndi levulo iliyonse. Ikani chifukwa cha m'nkhani chowaletsa kugona: mdani akuthawa, madzi akukwera, mwambo uchitika usiku womwewo.

4. Zida zamatsenga sizikugwirizana ndi levulo. Pathfinder ya 2019 imayembekezera kuti ankhondo apeza rune (chilembo chamatsenga cholimbitsa chida) ya +1 cha pa levulo 2 ndi ya striking cha pa levulo 4. Mukaiwala, gulu limafooka popanda chifukwa chooneka. Mu D&D ya 2014 vuto limakhala lotembenuka: zida zikachuluka, gulu limaposa levulo yolembedwa pa pepala.

5. Pepala lalakwika. Onani chotsatirachi.

## Chizindikiro 6: Kukwera kukudya seshoni, kapena manambala sakugwirizana

Lengezani levulo pomaliza seshoni, aliyense akakonze pepala kwawo. Watsopano muthandizeni mphindi zochepa ena asanafike. Mu D&D ya 2014 onani izi:

- Proficiency bonus (nambala yowonjezera pa zomwe mtengambali anaphunzira) imakwera pa levulo 5, 9, 13 ndi 17, ndipo imakhudza kumenya, maluso ndi mphamvu ya matsenga. Ambiri amasintha malo amodzi n'kuiwala ena.
- Constitution (kulimba kwa thupi) ikakwera mpaka kusintha modifier (nambala yake yowonjezera pa dayisi), ma hit point amawonjezeka pa malevulo onse akale.
- Cantrip (matsenga aang'ono osatha) zomenyera zimakula pa levulo 5, 11 ndi 17 ya mtengambali yense.
- Wosakaniza mitundu iwiri ya atengambali sawonjezera Extra Attack (kumenya kawiri) ya mtundu wina pa ya unzake.

Gwirizanani kamodzi ngati ma hit point aziponyeredwa dayisi kapena azitengedwa pa nambala yoikika, ndipo ikhale njira ya onse.

## Chizindikiro 7: M'masewera opanda malevulo, osewera akusaka zochonga

Mu Call of Cthulhu, luso likagwira ntchito bwino wosewera amalichonga. Nthawi yokula ikafika amaponya d100 (dayisi ya 1 mpaka 100), ndipo ikaposa nambala ya lusolo amawonjezera 1d10 (dayisi imodzi ya 1 mpaka 10). Ena akazindikira izi amayamba kupempha kuponya pa chilichonse: kukwera khoma lomwe lili ndi chitseko, kusintha chida pakati pa nkhondo kuti chilichonse chichongedwe. Chifukwa chake nthawi zambiri ndi wotsogolera amene amalola kuponya pa zinthu zopanda chiopsezo. Lamulo likhale lakuti dayisi imaponyedwa pokhapokha ngati kulephera kungabweretse vuto lenileni.

Zofanana zimachitika mu Dungeon World, momwe kuponya 6 kapena kuchepera kumapereka XP. Ngati kulephera sikupweteka, kwasanduka mgodi wa mapointi. Kulephera kulikonse kuzisintha zinthu m'nkhani.

## Ngati mwaganiza zosintha njira kampeni ili mkati

- Kambiranani seshoni isanayambe, onse alipo.
- Kwezani onse afanane ndi amene ali pamwamba. Musatsitse aliyense.
- Sinthani gulu litangokwera kumene, kuti wina asataye XP yomwe anaunjika.
- Yesani kwa malevulo awiri, kenako mufunsanenso.
- Sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi, kuti mudziwe chomwe chathandiza.

## Pomwe muyenera kusiya kukonza nokha

Mwasintha njira kawiri, dandaulo likadali lomwelo. Vuto silili mu XP. Mwina ena akufuna nkhondo, ena akufuna nkhani, ndipo palibe tebulo la manambala lomwe lingawagwirizanitse. Imitsani kampeni seshoni imodzi mukambirane zomwe aliyense anabwerera. Ngati kukambiranako kukukanika, pemphani wotsogolera wina wodziwa bwino masewerawo adzakhale nanu seshoni imodzi ngati woonerera. Wakunja amaona msanga zomwe a m'kati azolowera.

Mukusewera m'ndondomeko yovomerezeka, monga Adventurers League kapena Pathfinder Society. Kumeneko kakwezedwe ka malevulo kali ndi malamulo ake, ndipo mtengambali amayenda kuchoka tebulo lina kupita lina. Musasinthe kanthu panokha. Funsani woyang'anira masewerawo pamalopo, chifukwa pepala lolakwika likhoza kukanidwa kwina.

Mkangano uli pa tanthauzo la lamulo. Onani zokonza zomwe Wizards of the Coast (opanga D&D) kapena Paizo (opanga Pathfinder) anatulutsa pa buku lanulo, ndipo tsimikizani kuti nonse mukuwerenga buku la chaka chimodzi. Malamulo a D&D a 2014 ndi a 2024 amasiyana m'malo angapo.

XP yasanduka chikwapu. Wotsogolera akamamana munthu mmodzi mapointi chifukwa cha kusamvana kwa kunja kwa masewera, kapena wosewera akamaopseza anzake kuti apatsidwe zambiri, imitsani masewera. Ngati mukusewerera m'kalabu kapena m'sitolo ya masewera, dziwitsani woyendetsa malowo. Ngati osewera ndi ana, mphunzitsi kapena kholo adziwe tsiku lomwelo.

Munthu akuvutika kupitirira masewera. Wosewera akalephera kugona, akasiya ntchito kapena sukulu chifukwa cha kampeni, akasweka mtima kwa masabata mtengambali wake atafa, kapena akayamba kulankhula zodzivulaza, musayese kumuchiza ndi levulo yaulere. Lankhulani naye pambali mwachifundo, mumuthandize kuonana ndi mlangizi wa za maganizo kapena dokotala. Ngati moyo wake uli pangozi, musamusiye yekha, ndipo itanani thandizo la chipatala nthawi yomweyo.